Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Mwana Wamwano wa ku Mabvuku

Gawo lathali ndinalekezera pomwe tinasamuka ku Mbare kupita ku Mabvuku, mu mzinda womwewo wa Harare ku Zimbabwe, bambo atapeza ntchito kufakitale ya simenti. Kumeneko n'kumene ndinapatsidwa dzina loti mwana wamwano.

Mlandu wake unali moni. Ku Mabvuku ndi ku Tafara akwathu ndi ambiri, ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi kudzagwira ntchito kuno dziko likadali Rhodesia. Wamkulu aliyense ndi azakhali ako kapena amalume ako, ndipo moni umayamba ndiwe mwana. Ine ndinkangodutsa. Tsiku lina mayi ena a kumvano anafika pakhomo ali lunguu.

"Anabanda, mwana wanuyu mukumulera bwanji? Ndamukodola katatu pa sitolo paja, iye kungondiyang'ana ngati chitsa."

Amayi anathyola kanthambi ka pichesi. Ndinalira ndikulumbira kuti sindinawaone, ndipo sindinkanama. Chimene ndinaona ndi chitenje chofiira chikugwedezeka, pamwamba pake mbuu. Ndinkayesa kuti anthu onse amaona choncho, kuti nkhope ya munthu imafika iye akayandikira, monga limachitira fungo lake.

Kusukulu ankandikhazika kumbuyo chifukwa cha msinkhu. Za pabolodi ndinkakopera m'kope la mnzanga, pamodzi ndi zolakwitsa zake zomwe, mpaka tonse awiri tinakwapulidwa kuti tikuberana. Kenaka ndinatulukira nzeru yanga: ndikapinda chala n'kusiya kabowo kakang'ono, n'kusuzumira pamenepo, zilembo zinkatuluka. Mu 1996, ndili Giredi 6, aphunzitsi ena achizimayi anandigwira ndikuchita zimenezo. Sanakalipe. Anandiimika kumbuyo, n'kulemba mawu atatu pabolodi, n'kundiuza kuti ndiziyenda mpaka nditawawerenga. Ndinakaima patsogolo pa desiki yoyamba. Madzulo ake ndinapita kunyumba ndi kalata.

Amayi anakana. "Magalasi amapha maso. Akangoyamba, basi, sadzaonanso popanda iwo." Mawu amenewa ndimawamvabe mpaka lero m'makombi, ndipo si oona. Bambo sanatsutse, anangopempha tsiku kuntchito n'kunditenga pa basi kupita m'tauni.

Anandikhazika mamita 6 kuchokera pa chikwangwani cha zilembo. Ndinawerenga chilembo chachikulu chapamwamba, mzere wotsatira ndinangolota. Kenaka anandiveka chifelemu cholemera n'kumalowetsamo timagalasi, kamodzikamodzi, akufunsa kuti, "Apa kapena apa?" Pa kena kake chikwangwani chonse chinangoti ngwee, mpaka timizere tapansi. Papepala analemba -2.50. Woyezayo anawafotokozera bambo kuti vutoli amalitcha myopia: diso langa linakula motalika kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndiye kuwala kochokera patali kumakumana kusanafike pa retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso komwe chithunzi chimayenera kugwera. Galasi la mainasi, lopyapyala pakati n'kunenepa m'mbali, limabweza chithunzicho pamalo pake.

Lamulungu lotsatira kutchalitchi kwathu ku CCAP ndinaona kabolodi pafupi ndi gome, kolembedwa manambala a nyimbo. Zaka zonsezo ndinkadabwa kuti anthu amadziwa bwanji nyimbo yotsatira mlaliki asanatchule. Ndinkati ndi mphatso ya akulu. Potuluka ndinawaona mayi a chitenje chofiira aja ali kutsidya kwa msewu, ndinawathamangira n'kugwada. Anauza amayi kuti ndodo ija inagwira ntchito.

Nambala inakwerabe: -3.50 ku sekondale, -5.00 ndikumaliza kozi. Ulendo uliwonse amayi ankati, "Si ndinanena?" Koma wolakwa sanali magalasi. Diso limatalika mwana akamakula, ndipo kwa ambiri limadzaima cha m'zaka za m'ma 20. Langa linaima ndili ndi zaka 22. Chimene oyeza maso anandichenjeza n'choti diso lalitali limakoka retina, choncho ndikadzaona kung'anima ngati mphezi, kapena timadontho takuda tambiri tobwera mwadzidzidzi, kapena mdima wotsika ngati katani, ndisadikire mawa.

Ndidumphe zaka zambiri, za ukwati ndidzanena m'gawo lake. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mwana wanga wamkazi anakhala miyezi m'nyumba, maso ali pa foni yanga. Chaka chotsatira, ali ndi zaka 8, tili pa siteji ya Copacabana m'tauni kudikira kombi, ndinamuuza kuti awerenge chikwangwani cha tsidya lina. Anafinya maso. Kenaka ndinaona kadzanja kakukwera, kachala kakupindika. Palibe anamuphunzitsa. Mtima wanga unangoti phwii.

Titapita kwa dokotala wa maso, mwanayo anamuthira kaye mankhwala m'maso asanamuyeze, kuti minofu ya m'diso imasuke, chifukwa maso a ana amadzikakamiza n'kunamiza woyeza. Inatuluka -1.00. Dokotala anati zakumtundu zilipo ndithu, kholo likakhala nalo vutoli mwana savuta kulitenga, koma kukhala panja pa kuwala kwa dzuwa pafupifupi maola awiri patsiku kumathandiza, makamaka kwa mwana amene sanayambe. Anatchulanso madontho a atropine ochepa mphamvu amene amachedwetsa kukwera kwa nambala, koma anati tiyambe taona mmene iyendere. Timapita kukayezetsa chaka chilichonse. Mng'ono wake ndimachita kumuthamangitsa m'nyumba kuti akasewere phada, ine yemwe ndinkakalipira ana kuti akudetsa zovala.

Amayi tsopano ali ndi magalasi awo owerengera Baibulo, a pulasi, ndipo sayenda osawatenga m'kachikwama. Mwezi watha anabwera kudzacheza, anamuyang'ana mdzukulu wawo kwa nthawi, n'kunena kuti, "Bola uyu mwamupeza msanga." Za kanthambi ka pichesi sanatchule. Anandipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi, ndipo ndinavula magalasi anga kuti ndione bowo lake.