Zolinga zanga za 2024 ndi ziwiri zokha

Anzanga ambiri alemba kale zolinga zawo za chaka chino, ena galimoto, ena ukwati. Ine ndakhala ndi kope kuyambira m'mawa, ndangolembamo zinthu ziwiri.

Choyamba ndi kugona tulo mvula ikamagwa. Musaseke. Chichitikireni zija za pa 13 Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kutsikira ku Chilobwe, ine madontho akangoyamba kulira pa malata ndimadzuka n'kukhala tsonga, tochi m'manja. Mwana wanga wamng'ono amabwera kudzagwira chitenje changa osalankhula kanthu. Tinakhala milungu ingapo m'kalasi, mabanja ambirimbiri m'chipinda chimodzi, kudikira ufa ndi soya pisi. Kumene kunali nyumba yathu sindinapondekonso. Ndimangoona patali chipsera chija paphiri ndikakhala m'minibasi.

Chachiwiri ndi maziko a nyumba, a simenti, pamalo athyathyathya kutali ndi khwawa. Njerwa ndinaumba kale m'chilimwe, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala, simenti inakwera mtengo moti ndalama zanga za kubanki m'khonde zingogula matumba ochepa. Ndiyambira pomwepo basi.

Amayi a kumpingo, inu amene munatipatsa mabulangete ndi ndowa, Mulungu akudalitseni. Ndowa ija ndi yomwe ndikutungira madzi mpaka lero.

Kwayambanso kuda uku. Ndikaanule zovala kaye.