Kulondola mbiri ya ofesala wa nkhondo wa ku Germany kapena ku Austria: zimene mapepala amanena ndi zimene amabisa

Ambiri akamayamba kufufuza za ofesala wa asilikali wa ku Germany kapena ku Austria amaganiza kuti kwinakwake kuli fayilo imodzi yonena zonse, kuyambira tsiku lolowa usilikali mpaka tsiku lopuma. Fayilo yotero imapezeka mwa apo ndi apo. Kawirikawiri mbiri ya munthuyo imachita kusokedwa kuchokera m'mabuku a mayina, m'nyuzipepala za boma, m'makadi ndi m'zolemba za gulu limene ankatumikira. N'chifukwa chake funso loyamba pa phunziroli liyenera kukhala lakuti: mapepala a munthuyu ankasungidwa ndi unduna uti? Mukaphonya pamenepa, mutha miyezi mukulemba makalata kolakwika.

Tiyambe ndi Germany ya 1914. Dziko linali limodzi, koma asilikali a pamtunda anali pansi pa maunduna anayi a zankhondo: wa Prussia, wa Bavaria, wa Saxony ndi wa Württemberg. Uliwonse unkasunga mapepala akeake. Usiku wa pa 14 Epulo 1945 ndege za Britain zinaphulitsa mzinda wa Potsdam, ndipo nkhokwe ya zolemba za asilikali a Prussia inapsa pafupifupi yonse. Poti Prussia ndiyo inali ndi asilikali ambiri kuposa atatu enawo kuwaphatikiza pamodzi, maofesala ochuluka a nkhondo yoyamba ya dziko lonse alibe fayilo lero. Wa ku Bavaria ndiye wamwayi. Ku Kriegsarchiv, nkhokwe ya zolemba za nkhondo, ya ku Munich kudakali mabuku a Kriegsranglisten a maofesala ndi a Kriegsstammrollen a asilikali wamba, momwe muli tsiku ndi malo obadwira, makolo, nkhondo zimene munthu anamenya ndi mabala ake. Za Württemberg zili ku Stuttgart, za Saxony ku Dresden. Za Baden zili ku Karlsruhe ngakhale asilikali ake ankawerengedwa ngati a Prussia. Mwachitsanzo Erwin Rommel anali ofesala wa Württemberg, mu Infanterie-Regiment 124 kenako mu batalyoni ya kumapiri, choncho za magulu ake a nthawiyo muyambire kufuna ku Stuttgart.

Nanga wa Prussia amene fayilo yake inapsa? Apa mpamene ntchito imakoma, komanso mpamene anthu amasochera kwambiri. Chaka ndi chaka boma linkasindikiza Rangliste, buku londandalika maofesala onse gulu ndi gulu. Lomaliza nkhondo isanayambe ndi la 1914. Vuto lake n'lakuti buku la Prussia limangolemba dzina la makolo, dzina loyamba mulibe. Tangoganizani kuchuluka kwa a Müller, a Schmidt ndi a von Bülow. Chokupulumutsani ndi deti la Patent, tsiku limene udindo wa munthu unayamba kuwerengedwa, lomwe nthawi zambiri limakhala ndi zilembo pambali posonyeza malo ake pakati pa anzake okwezedwa tsiku lomwelo. Detilo siligwera anthu awiri a dzina limodzi mwachisawawa. Njira yake ndi iyi: pezani munthuyo m'chaka chimene simukukayika, kopani deti la Patent ndendende, kenako bwererani m'mbuyo chaka chimodzichimodzi osadumpha. Akasowa m'rejimenti yake, yang'anani kumunsi kwa ndandanda ya rejimentiyo, kumene ankalemba amene achoka ndi kumene apita. Dzina loyamba ndi tsiku lobadwa mukazipeza m'mabuku a Offizier-Stammliste kapena m'mbiri zimene marejimenti ambiri anasindikiza nkhondo itatha.

M'zaka za nkhondoyo Rangliste ya Prussia sinkatuluka. Mpata umenewu umatsekedwa ndi zinthu zitatu. Nyuzipepala ya asilikali ya Militär-Wochenblatt inkalengeza okwezedwa maudindo. Ehrenrangliste ya 1926 inasanjidwa motsatira magulu a 1914, ndipo imasonyeza udindo womaliza wa munthu kapena tsiku limene anafa. Koma bukuli ndi la maofesala a ntchito yokhazikika. Aphunzitsi, maloya ndi makalaliki amene anavala yunifomu ngati Leutnant der Reserve, maofesala oitanidwa pa nthawi ya nkhondo, simuwapezamo, chonsecho iwowo ndiwo anali ambiri kunkhondoko. Chachitatu ndi Verlustlisten, ndandanda za akufa, ovulala, osowa ndi ogwidwa, zotuluka kuyambira 1914 mpaka 1919. Muli mayina pafupifupi 8.5 miliyoni pamasamba oposa 31,000, ndipo anthu ongodzipereka a bungwe la Verein für Computergenealogie anazilowetsa m'kompyuta moti zimafufuzika pa intaneti.

Misampha ya Verlustlisten ndi iwiri. Deti lapamwamba pa tsamba ndi la tsiku losindikiza, ndipo chovulalacho chimakhala kuti chinachitika masabata angapo m'mbuyo. Winanso ndi wakuti kuyambira kumapeto kwa 1916 anasiya kutchula gulu la munthu poopa kuthandiza adani, n'kumangolemba mayina motsatira afabeti. Musamalenso ndi manambala a marejimenti. Nambala 16 yokha inali ndi Infanterie-Regiment ya Prussia, Reserve-Infanterie-Regiment, Landwehr-Infanterie-Regiment, komanso ena a Bavaria a nambala yomweyo. Kuiwala kachilembo kamodzi pokopera ndiko kusamutsira munthu kudera lina la nkhondo.

Owerenga a kuno kwathu angafune kulondola maofesala a Schutztruppe, asilikali a Germany a m'maiko atsamunda, amene anaukira Karonga mu Sepitembala 1914, kapena amene anatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. Amenewa anali pansi pa Reichskolonialamt, unduna wa maiko atsamunda, ndipo nkhani za kusamutsidwa kwawo zinkatuluka mu Deutsches Kolonialblatt. Mtsogoleri wawo, Paul von Lettow-Vorbeck, akutiphunzitsa msampha wina. Mabuku ena amamutchula kuti General der Infanterie, koma udindowu anaulandira mu Ogasiti 1939 ngati Charakter, ulemu wa dzina chabe, patatha zaka 19 atachotsedwa usilikali chifukwa cha Kapp Putsch, chiwembu chofuna kulanda boma cha 1920. Mukaona "char." patsogolo pa udindo, dziwani kuti munthuyo ankangotchedwa nawo, malo ake pamzere wa okwezedwa sanasinthe.

Austria-Hungary ili ndi chisokonezo chakechake. Magulu ankhondo anali atatu: la onse lotchedwa k.u.k., Landwehr ya mbali ya Austria yotchedwa k.k., ndi Honvéd ya Hungary. Za Honvéd kafuneni ku Budapest. Za awiri enawo zili ku Kriegsarchiv ya ku Vienna, ndipo kunena zoona ofufuza za Austria ali pabwino kuposa anzawo a Prussia. Chikalata chofunika kwambiri ndi Qualifikationsliste: muli kumene ofesala anabadwira, chipembedzo, sukulu, zilankhulo zimene ankayankhula ndi mmene ankaziyankhulira, magulu onse amene anadutsamo, ndi ndemanga za akuluakulu ake. Za zilankhulozi musazidumphe, chifukwa ofesala ankayenera kuphunzira chilankhulo cha asilikali a m'rejimenti yake, ndipo kulephera kunkachedwetsa kukwezedwa. Palinso Belohnungsanträge, makalata opempha kuti munthu apatsidwe mendulo, amene amafotokoza chimene anachita, tsiku lake ndi malo ake. Mabuku osindikizidwa nawonso ndi achifundo: Schematismus, buku la chaka ndi chaka la maofesala, imalemba dzina loyamba, ndipo Ranglisten za 1916, 1917 ndi 1918 zilipo.

Ufumuwo utagawika mu 1918, mapepala ambiri a asilikali wamba anatsala kapena anapita kumaiko atsopano monga Czechoslovakia, pamene Qualifikationslisten za maofesala a k.u.k. zinakhalabe ku Vienna. Malo obadwira asakunamizeni. Ana a asilikali ndi a ogwira ntchito zaboma ankabadwira kulikonse kumene bambo watumizidwa, ndipo chimene boma linkayang'ana ndi Heimatzuständigkeit, mudzi kapena mzinda umene munthu analembedwa kuti ndi kwawo. Mzinda umodzi ungalembedwenso mosiyanasiyana: Lemberg, Lwów ndi Lviv ndi malo amodzi, chimodzimodzi Pressburg, Pozsony ndi Bratislava. Maudindo nawonso amapusitsa. Feldmarschalleutnant wa Austria ndi wofanana ndi Generalleutnant wa Germany, sali pafupi n'komwe ndi Feldmarschall.

Pakati pa nkhondo ziwiri za dziko lonse magulu onse anachepetsedwa: Germany inaloledwa asilikali 100,000 okhala ndi maofesala 4,000, Austria asilikali 30,000. Choncho mukaona mpata wa zaka khumi ndi zisanu m'mbiri ya munthu musadabwe. Ambiri anapita kupolisi kapena kuntchito wamba, n'kudzabwerera m'ma 1930, ena ali ndi chilembo E pambuyo pa udindo, kusonyeza ofesala wowonjezera. Otsalamo ankakwezedwa mochedwa kwambiri. Rommel anakhala Hauptmann (kaputeni) kuchokera 1918 mpaka m'ma 1930.

Mu Malichi 1938 asilikali a Austria anamezedwa ndi Wehrmacht, gulu lankhondo la Germany ya Nazi. Maofesala anasefedwa, ambiri a maudindo apamwamba anapumitsidwa, ndipo otengedwawo anapatsidwa madeti atsopano a ukulu wawo kuti alowe pamzere wa Ajeremani. Taonani Erhard Raus, wobadwa mu 1889 ku Wolframitz m'dera la Moravia. Anamenya nkhondo yoyamba mu k.u.k., anatumikira Bundesheer, gulu lankhondo la Austria, kenako anatsogolera 6. Panzer-Division ku Russia, n'kufika pa Generaloberst mu 1944 ndi kulamulira 3. Panzerarmee mpaka Malichi 1945. Munthu mmodzi, koma mapepala ake ali patatu: Kriegsarchiv, Archiv der Republik ya ku Vienna komweko, ndi Freiburg.

Ku Freiburg ndiko kuli Bundesarchiv-Militärarchiv, ndipo mafayilo a maofesala a Wehrmacht ali m'chigawo cha PERS 6. Si onse anapulumuka. Ofesi yakale ya WASt ku Berlin, yodziwitsa za asilikali akufa ndi ogwidwa, yomwe inalowa mu Bundesarchiv pa 1 Januwale 2019, imasunga makadi a ovulala, a akufa ndi ndandanda za tizitsulo ta dzina timene asilikali ankavala m'khosi. Kachitsuloko kamasonyeza gulu limene linakapereka, kawirikawiri loyamba, osati limene munthu anafera. Mafayilo a maofesala a SS, gulu la zida la chipani cha Nazi, ndi makadi a chipani cha Nazi, omwe kale anali ku Berlin Document Center, analowa mu Bundesarchiv mu 1994, ndipo ali ku Berlin-Lichterfelde. Amereka anajambula zolemba zambiri zogwidwa pa maikulofilimu asanazibweze: T-78 ya likulu la asilikali a pamtunda, T-312 ya ma Armee, T-314 ya ma Korps, T-315 ya madivishoni. Polemba kalata ku Bundesarchiv perekani dzina lonse, tsiku ndi malo obadwira. Popanda tsiku lobadwa yankho lake limakhala lakuti a dzina limeneli ndi ambiri. Lamulo lawo limatsegula fayilo patatha zaka 10 munthu atamwalira, kapena zaka 100 chibadwire ngati tsiku la imfa silikudziwika.

Tsopano madeti, amene amakanganitsa ofufuza kuposa china chilichonse. Kukwezedwa kumodzi kungakhale ndi madeti atatu: tsiku limene lamulo linasainidwa, tsiku limene linayamba kugwira ntchito, lolembedwa "mit Wirkung vom", ndi Rangdienstalter kapena RDA, tsiku loyezera ukulu, lomwe ankatha kulibweza m'mbuyo ngakhale kulisintha pambuyo pake. Mabuku awiri akasiyana pa tsiku limene munthu anakhala Oberst (kanelo), kawirikawiri onse akunena zoona, kungoti wina watenga deti lina. Chimodzimodzi ndi maudindo olamulira. Zilembo "m.d.F.b." zikutanthauza kuti wapatsidwa gulu kuti aligwirizire, ndipo angakhale choncho miyezi ingapo asanatchedwe Kommandeur. Tsiku la pepala silimagwirizananso ndi tsiku limene anafikadi. Ulendo wa sitima yapamtunda kuchokera ku France kupita ku Russia unkatenga masiku. Führerreserve, ndandanda ya maofesala amene alibe gulu pa nthawiyo, nayo isawerengedwe msanga ngati chilango. Munthu ankaikidwamo akadwala, akamapita kukosi, akamadikira malo atsopano, komanso akachotsedwa mwamanyazi, ndipo khadi silinena kuti ndi chiti mwa zimenezi.

Njira yothandiza ndi kujambula tebulo la mizere isanu: deti, mtundu wa detilo, udindo kapena ntchito, gulu monga linkatchulidwira tsikulo, ndi kumene mwazitenga. Mzere wachinayiwo ndi wofunika chifukwa mayina ankasintha. Mu 1942 ma Schützen-Regiment a m'madivishoni a akasinja anasanduka Panzergrenadier, ndipo ma Infanterie-Regiment anasanduka Grenadier. Divishoni ya 44 ya ku Vienna inathera ku Stalingrad n'kukhazikitsidwanso mu 1943 ndi anthu ambiri atsopano. Mipata isiyeni yopanda kanthu. Kuidzaza mongoganizira ndiko kumabala mabodza amene mawebusaiti amakoperana kwa zaka. Patulaninso nthawi yophunzira kuwerenga Kurrent ndi Sütterlin, kalembedwe kapamanja ka nthawiyo, momwe "e" amaoneka ngati "n" ndipo "s" wamtali amafanana ndi "f".

Fayilo ya ofesala imanena kumene anali, koma ya zimene gulu lake linkachita kumeneko imakhala chete. Ndemanga za akuluakulu zimatamanda kulimba mtima ndi khalidwe, ndipo kumapeto kwa nkhondo zinkawonjezera chiganizo cha maganizo ake pa chipani cha Nazi, chomwe nthawi zambiri chinkangobwerezedwa mawu omwewo. Lothar Rendulic, wa ku Austria, ali ndi mbiri yokwera bwino mpaka Generaloberst, koma mu 1948 khoti la ku Nuremberg linamulamula kukhala m'ndende zaka 20 pa milandu yokhudza kuphedwa kwa anthu wamba ku Balkans, ndipo anatuluka mu 1951. Zoterezi zimaoneka mukayika tebulo lanu pambali pa Kriegstagebuch (buku la zochitika za tsiku ndi tsiku kunkhondo) ya gululo, malipoti a ofesala wa Ic (woona nkhani za adani), ndi mafayilo a ofufuza milandu ya nthawi ya Nazi a ku Ludwigsburg, ofesi imene inatsegulidwa mu 1958. Mabuku a nkhondo a madivishoni ambiri a 1944 ndi 1945 anatayika, choncho kwerani ku Korps kapena ku Armee, kumene malipoti a divishoniyo ankatumizidwa. Zimene majenerali analembera asilikali a America nkhondo itatha, kuphatikizapo Raus, zimathandiza pa malo ndi kayendetsedwe ka nkhondo, koma analemba ali ndi mbiri yawo yoti ateteze, ndipo ambiri analibe mapepala pafupi, moti deti lililonse lochokera mmenemo liyenera kutsimikizidwa ndi chikalata cholembedwa pa nthawi ya nkhondoyo.