Tizilombo tachepa, nanga chilonda chapola?

Mtima wakhala pansi tsopano, patatha masabata atatu ndikulimbana ndi assignment ya critical appraisal, yosanthula mapepala a kafukufuku wa zilonda kuti tione ngati ndi odalirika. Za randomisation (kugawa odwala m'magulu mwa maere) ndi blinding (kubisa gulu limene wodwala ali) sindibwereza, tonse m'kalasi tinaziloweza kale. Vuto langa linali kawerengedwe. Ndinkayamba ndi abstract, chidule cha pepalalo, kenako kulumphira ku conclusion, ndikangoona p, nambala yothandiza kuona ngati zotsatira sizinangochitika mwamwayi, ili pansi pa 0.05 ndimvekere basi, dressing (chomangira chilonda) imeneyi ndi yabwino.

Chandimasula ndi kafunso kamodzi: kodi anayeza chiyani?

Ndinali ndi pepala lina la dressing ya siliva. Olemba ake ankanyadira kuti mabakiteriya anachepa pa swab, kathonje kopaka pachilonda n'kukayeza ku labu. Ndinawerenga kawiri konse ndikuvomera, kachitatu mpamene ndinadzifunsa kuti nanga zilonda zija zinatseka? Ndinafunafuna m'matebulo onse, osapeza. Wodwala sabwera kuchipatala kudzachepetsa manambala a ku labu. Akufuna chilonda chipole, ululu uleke, fungo lichoke kuti azikhala bwino ndi anzake. Ndiponso chilonda chokhalitsa chilichonse chimakhala ndi tizilombo, colonisation ija, ndipo kupezeka kwa tizilombo sikutanthauza kuti pali infection. Surrogate outcome, kuyeza chizindikiro m'malo mwa chimene wodwala akufunadi, imene ndinkangoilemba pa mayeso osaimva ija, kani ndi imeneyi.

Kafukufuku wa VULCAN wa mu 2009 ku UK anafunsa funso lenilenilo. Odwala 213 a zilonda za m'miyendo zobwera chifukwa cha mitsempha yobweza magazi, ena anawamanga ndi dressing ya siliva, ena ndi yopanda siliva, onse ali ndi compression, bandeji yofinya mwendo. Pofika masabata 12, chiwerengero cha zilonda zopoleratu sichinasiyane kwenikweni. Siliva amaphadi tizilombo, koma kupha tizilombo ndi kupoletsa chilonda ndi nkhani ziwiri.

Pa mabala a opaleshoni funso lomweli limasanduka la nthawi. CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, imawerenga infection mpaka masiku 30, pa maopaleshoni ena mpaka 90. Ndiye pepala likasiya kutsata odwala tsiku lotuluka m'chipatala, mafinya amene adzatulukire kunyumba awaona ndani? Ngakhale George Winter, amene mu 1962 anaonetsa kuti bala losungidwa lonyowa limatseka msanga, anayesa pa mabala osazama a nkhumba. Nkhumba yathanzi si gogo wodwala shuga, ngakhale kuti mfundo yake inadzagwiradi ntchito pa anthu.

Panopa abstract ndimaiphimba ndi kapepala. M'mphepete ndimalemba zinayi: odwala ake ndi otani, anayeza chiyani, anayeza liti, woyezayo ankadziwa gulu la wodwala kapena ayi. Kwa ine zinayizi zikuposa CASP yonse, checklist yosanthulira mapepala a kafukufuku, olo aphunzitsi atamva akhoza kundidula mamalikisi.

Kunena za aphunzitsi, zimandiwawa ndithu. Maola onse aja pa ma formula a p-value, koma sitinakhalepo pansi n'kung'amba pepala limodzi pamodzi. Atipatsa checklist, tsiku lopereka, basi. Kuwerenga kwake n'kochokera ku night duty, maso ali psuu.

Chandisiya njakata ndi review ya Cochrane, bungwe losonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, yofanizira madzi a pampopi ndi saline (madzi amchere a kuchipatala) potsuka zilonda. Sinapeze umboni woti madzi abwino akumwa amachulukitsa infection, komanso umboni womwewo ndi wofooka. Ndalemba zimenezi bwinobwino mu assignment. Koma ndikaima pa trolley ya dressing, dzanja likuthamangirabe ku saline, ndipo sindinasiyanitsebe ngati kumeneko ndi kusamala kapena chizolowezi chabe.