Tsiku lomwe amayi anandilanditsa ku CCNP

Satifiketi yanga ya CCNA, ya ntchito yolumikiza makompyuta pa netiweki, ndinaipeza mu 2021, ndipo mapepala a Cisco, kampani yomwe imaipereka, ali ngati mkaka wa m'botolo, amakhala ndi tsiku lothera. Zaka zitatu zikakwana basi, wabwerera pamzere. Pofika 2024 ndinayamba kusowa tulo. Anzanga ena ankati ndilembe mayeso a satifiketi ya MTCNA ya kampani ya MikroTik poti ma router ake, zida zolumikizira ma netiweki, ndi omwe timakumana nawo tsiku ndi tsiku. Ena ankati za mawaya zatha, tsogolo lili ku AWS, ma seva a kampani ya Amazon ogwiritsa ntchito kudzera pa intaneti. Ine mtima unali pa CCNP Enterprise, satifiketi ya Cisco yoposa CCNA. Ukakhoza mayeso a ENCOR 350-401, CCNA ija imadzukanso, komanso umakhala wayenda theka la ulendo wa CCNP. Chinanso, zilembo zimenezi zimamveka zolemera pa CV, bodza ayi.

Mtengo wake madola 400. Kumbukirani kuti kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho polipira dzanja linanjenjemera. Ndinasankha kulembera pakhomo, pa intaneti, woyang'anira akukuona pa kamera. Malamulo ake ndi okhwima: mphindi 120, tebulo lopanda kanthu, osayankhula, ndipo m'chipindamo musalowe munthu wina aliyense.

Sabata yomweyo amayi anabwera kuchokera ku Bembeke. Atandiona ndili pa kompyuta mpaka usiku ndikulimbana ndi mitu ya mayeso ngati OSPF ndi BGP, anafunsa chomwe chikundidya.

"Amayi, ndikufuna kulowa CCNP. Loweruka akandiyesa."

Anangoti "Ooo," n'kukagona osatsiriza nsima. Ine, chitsiru, ndinaganiza kuti ndi kutopa kwa ulendo. Amayi anga ndi Mkatolika wa kolona m'khosi, wosaphonya Misa ngakhale mvula igwe chotani. Iwo anamva CCAP.

Loweruka ndinatseka chitseko, koma loko wake anafa kalekale, ndiye ndinangotsamiritsapo mpando. Ndinaonetsa chiphaso pa kamera, ndinajambula ngodya zonse za chipinda, mayeso n'kuyamba. Zinkayenda bwino ndithu. Ndili pakati pa funso la VLAN lomwe ndinkalidziwa ngati dzina langa, ndinamva mpando ukukhwekhwereza.

Analowa amayi, kumbuyo kwawo akatekisiti a kuno ku Area 25, omwe mpaka lero sindidziwa anawapeza bwanji, ndi amayi ena awiri ovala zitenje za mpingo.

"Ndi ameneyu, akatekisiti. Bambo ake anabatizidwa ku Bembeke, agogo ake chimodzimodzi. Lero akuti akulowa CCAP, ndipo akumuyesera pa kompyuta!"

Kuyankha sindikanatha, lamulo likuletsa. Ndinangotuzula maso pa sikirini uku dzanja likuwakupiza kuti atuluke. Amayi anati, "Mwaona? Amuletsa n'kuyankhula komwe." Akatekisiti anawerama, nkhope yawo yonse n'kudzaza kamera, n'kufunsa mwaulemu kuti abusawo ndi ati kuti akambirane nawo ngati akuluakulu. Amayi awiri aja anali atayamba kale Tikuoneni Maria.

Pakona pa sikirini panatuluka uthenga wa woyang'anira, kenaka mayeso anatsekeka. Madola 400 anapita ndili chikhalire, anthu anayi akundipempherera.

Ndinatenga pepala n'kulemba zilembo zikuluzikulu, CCNP pamwamba, CCAP pansi, n'kufotokoza kuti ina ndi ya ma router, inayo ndi ya Sinodi ya Nkhoma. Akatekisiti anaseka mpaka kukhala pansi pa bedi. Amayi sanaseke. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali n'kunena kuti kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokha, ndipo zinthu zimayamba choncho.

CCNA ija inatha mphamvu ndisanasonkhanitse ndalama zina. Kumudzi nkhani inafika yoti amayi anandilanditsa pa mphindi yomaliza. Mwezi watha ndinawaimbira foni kuti tsopano ndikukonzekera MTCNA. Anakhala chete pang'ono, kenaka anafunsa kuti amenewo amapemphera Loweruka kapena Lamulungu.