Chipinda cha mapampu chatheka patatha masiku 5

Anzanga okonda mabwinja, chipinda cha mapampu a pisina (dziwe losambiramo) cha pa kilube yakale ija, malo a masewero, chalowedwa tsopano, ndipo zithunzi zatuluka bwino. Ntchito ya tsiku limodzi yadya masiku 5, ndipo 3 mwa iwo anathera pa madzi amene ankapopedwa masana n'kubwerera usiku. Dzina la tawuni sititchula monga mwa nthawi zonse, chifukwa malo akangodziwika ogula sukata (zitsulo zakale) ndi amene amafika msanga. Chilolezo chinachokera kwa a sekeretariyo a bairo, mlembi woyang'anira deralo, ndipo mlonda wa pamalopo analipo tsiku lililonse.

Kwa amene simunaone zithunzi zoyamba, kilubeyi ili kumtunda kuno kwa chigawo cha Tete, ndipo mamangidwe ake ndi a zaka za ufulu wa 1975 usanafike. Pali holo ya masewero olimbitsa thupi, bwalo la simenti la mamita 40 kwa 20 lokhala ndi kampanda kafupi, muyeso wa bwalo la hoke ya pa nsapato zamatayala, zipinda zosinthira zovala, ndi pisina ya mamita 25 kwa 12.5. Chipinda cha mapampu chili pansi pa nthaka kumbali yakuya ya pisina. Ndi cha mamita 4 kwa 3, ndipo kuchoka pa chitseko cha pamwamba kufika pansi ndi mamita 3.

Tsiku loyamba nsungwi inaonetsa madzi okuya mita 1.1. Kuchulukitsa 4, 3 ndi 1.1 kukupereka malita 13,200. Motobomba (pampu yoyendera petulo) ya mainchesi 2, yomwe alimi a mbatatesi ndi tomato amathirira m'madimba a ku Angónia, imalembedwa malita oposa 500 pa mphindi, koma pa madzi a matope ndi payipi yaitali yembekezerani theka lake. Inamaliza pasanathe ola limodzi, petulo osakwana malita 2. Makina ankakhala panja, mamita 5 kuchoka pa chitseko, utsi ukuloza kumene mphepo ikupita. Injini ya petulo siilowa m'chipinda chotere ngakhale kwa mphindi imodzi, utsi wake umapha mosanunkha.

M'mawa mwake madzi anali pa masentimita 95. Anapopedwanso, ndipo tsiku lachitatu anali pa 80. Maganizo oyamba anali akuti ndi madzi a pansi pa nthaka olowera m'ming'alu, ndipo tsiku lonse lachiwiri linapita pa kuunika makoma ndi tochi kuchokera pamwamba. Yankho linali m'manambala omwewo. Madzi a m'nthaka akanabwerera pafupi ndi pamene anali poyamba, pa mita 1.1. Awa ankatsika masentimita 15 pa kupopa kulikonse, kusonyeza kuti chipindacho chimagawana madzi ndi chosungira china chachikulu koma chokhala ndi malire. Chosungiracho ndi pisina yomweyo. Kumbali yakuya kunatsalira madzi a mvula pa malo a mamita pafupifupi 12.5 kwa 6. Kuphatikiza malo amenewo ndi a chipinda kukupereka masikweyamita 87, ndipo malita 13,200 mukawagawa pa malo otere madzi amatsika masentimita 15. Masamu anagwirizana ndendende.

Chotsimikizira ndi levulo ya payipi ija amagwiritsa ntchito amisiri omanga, payipi yoonekera mkati ya mamita 20 yodzaza madzi, yopanda thovu ngakhale limodzi. Mbali ina inaikidwa pa khoma la pisina, ina pa mphuthu ya chitseko cha chipinda, kulemba mzere wa makala konsekonse, kenako kuyeza ndi tepi kuchoka pa mzere kufika pa madzi. Kusiyana kwake sikunafike masentimita 2. Levulo imeneyi iyenera kukhala chida choyamba kutulutsidwa pa pisina iliyonse yakale, motobomba isanalizidwe n'komwe. Payipi yotulutsira madzi pansi pa pisina imakathera m'chipinda cha mapampu, ndipo vavu yake ya mkuwa ndi chinthu choyamba chimene a sukata amachotsa. Chimene chinabisa zonsezi ndi matope odzaza m'payipiyo. Madzi ankadutsa malita 12 kapena 13 okha pa mphindi, ochepa kwambiri kuti muwaone motobomba ikulira, koma okwanira kudzaza chipinda usiku umodzi.

Kutseka kwake kunayesedwa kawiri. Njira yoyamba, chubu cha mpira wamiyendo chokankhira m'kamwa mwa payipi n'kuchipopa, inakanika chifukwa dzimbiri la m'kati ndi lakuthwa ndipo linachiboola. Yachiwiri ndi yosavuta, pulasitiki yakuda yokhuthala ya mita imodzi mbali zonse, yopinda pawiri, kuiyala pa dzenje lotulutsira madzi pansi pa pisina matope atapalidwa ndi fosholo, kenako matumba 4 a mchenga a makilogalamu 25 pamwamba. Kulemera kwa madzi a m'pisina kumaikanikiza yokha chipinda chikayamba kuphwa. Dzenjelo limapezeka pofufuza ndi nsungwi pakati pa malo akuya kwambiri. Wolowa m'madziwo avale buluku la mphira lofika pachifuwa ndi magolovesi, pakuti madzi oima okhala ndi nkhono ndi kwawo kwa likodzo. Usiku wotsatira madzi anangokwera masentimita 4.

Ziwiri zokhudza motobomba. Sefa ya kumapeto kwa payipi yokokera imatsekeka ndi matope ndi achule, choncho iikeni m'dengu lokhazika pa njerwa ziwiri. Ndipo ikamakana kukoka musafulumire kuimba mlandu injini, kawirikawiri ndi mpweya wolowera polumikizira, ndipo mphira ya chubu cha njinga yokulunga mothina imathetsa vutolo. Kumtunda kuno, pamwamba pa mamita 1,200, pampu imataya mphamvu yokokera yoposa mita imodzi poyerekeza ndi ku chigwa cha Zambezi, choncho payipi yokokera ikhale yaifupi momwe mungathere.

Madzi kutha sikutanthauza kuti mwalowa. Pansi panatsala matope akuda okuya masentimita 20, ndipo m'matope otere mumabisala mpweya wonunkha ngati mazira oola. Ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umakhala pansi, ndipo ukachuluka mphuno imasiya kuumva. Kachipangizo koyezera mipweya 4, ka mtundu umene amanyamula ogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, kanatsitsidwa pa chingwe, kuima mphindi 2 pa theka la mita lililonse. Okosijeni pamwamba anali 20.9 peresenti, pansi 20.1, zomwe zili bwino chifukwa kamalira pa 19.5. Koma matope atavundulidwa ndi nsungwi mpweya woipawo unakwera kufika 14 ppm (magawo 14 pa miliyoni), ndipo kachipangizo kanalira chifukwa malire ake ndi 10. Yezani mutavundula, pakuti phazi la munthu lidzavundula chimodzimodzi. Za kutsitsa kandulo zilekeni. Lawi limayakabe pa mpweya umene munthu wayamba kale kuzunguzika nawo, silinena kanthu za mpweya wa mazira oola, ndipo pakakhala mpweya woyaka ndiye mwayatsa bomba. Chipinda chinasiyidwa chotsegula tsiku lathunthu, lona atamangidwa pa chitseko ngati tanga la bwato kuti azikankhira mphepo pansi. Tsiku lachisanu muyeso unali 2 ppm atavundula.

Makwerero achitsulo a pa khoma anadyeka ndi dzimbiri polowera mu simenti, choncho anagwiritsidwa ntchito ena obwera nawo. M'kati mumalowa munthu mmodzi, chingwe m'chiuno, kachipangizo pachifuwa, awiri ali pamwamba, ndipo akagwa amakokedwa ndi chingwe popanda womutsatira. M'katimo muli thanki yachitsulo yosefera madzi ndi mchenga, ya mita 1.2 m'mimba mwake, idakali chilili chifukwa singatuluke pa chitseko. Pampu inapita kale, patsala mabawuti 4 pa kansanja ka simenti. Denga lasweka m'malo ambiri ndipo zitsulo zili pamtunda. Kolorini wa zaka zambiri amalowa mu simenti n'kudya chitsulo, dzimbiri limatupa n'kukankha simenti kuti igwe, choncho pamwamba pa chipindacho pasaime anthu oposa mmodzi. Pakona pali mgolo wotseka umene mwina ndi wa kolorini wa ufa, ndipo sunakhudzidwe. Zithunzi zinajambulidwa kamera ili pa miyendo itatu, chithunzi chilichonse masekondi 20, tochi ikuyendetsedwa pang'onopang'ono pa makoma.

Payipi yoonekera mkati, pulasitiki ndi zingwe zimapezeka bwino ku msika wa Kwachena mumzinda wa Tete, ndipo kumeneko amadula muyeso umene mwanena. Za mamasiki pitani ku masitolo ogulitsa zovala za ku migodi, muone chizindikiro cha FFP3 (mtundu wosefa fumbi losalala kwambiri) pa masiki penipeni, osati pa bokosi pokha. Amenewa adzafunika ku holo, kumene denga ndi la lusalite (malata a simenti yosakaniza ndi asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo) wosweka ndipo pansi pali ndowe za mileme. Dziko la Mozambique linaletsa asibesitosi mu 2010, koma madenga akale akadalipo, ndipo zidutswa zake siziyenera kusesedwa kapena kupondedwa zili zouma. Pa kantina (sitolo) yakale imene inajambulidwa chaka chatha, kuwaza madzi ndi mpope wopoperera mbewu musanalowe kunagwira ntchito bwino, ndipo malita 16 anakwanira chipinda chimodzi.

Chotsatira ndi holoyo, kenako kujambula mapu a mapaipi onse a pisina mvula ya Novembala isanadzazenso chilichonse. Zikatheka, mapu otere apangidwe pa kilube iliyonse yakale ya m'chigawo chino, kuyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara.