Makala athu siophikira, ndi osefera madzi a ku chipatala

Ndikanena kuti ndili mu bizinesi ya makala anthu amangoti aja ophikira, ayi ndithu. Ife timawotcha zigoba za kokonati ndi utuchi, zikasanduka makala timawabwezeranso mu uvuni pa madigiri a Celsius ngati 850 uku tikulowetsamo nthunzi, ndiye nthunziyo imaboola timabowo tosaoneka ndi maso tambirimbiri moti galamu imodzi yokha malo amkati mwake amatha kufika masikweya mita 1,000. Activated carbon ndi ameneyo.

Poyamba tinkangogulitsa atsopano basi. Bizinesi inasintha titayamba kugwira ntchito ndi chipatala china pa nkhani ya madzi awo oipa. Wodwala akamwa mankhwala opha mabakiteriya ngati ciprofloxacin ena amatuluka ndi mkodzo osasintha nkomwe, akafika kumtsinje mabakiteriya amayamba kuwazolowera, mawa lake mankhwala omwewo sakugwiranso ntchito. Makala amakola mankhwalawa bwinobwino koma amakhuta, ndipo palibe chipatala chingamagule atsopano nthawi zonse, komanso kukataya okhutawo kudzala nkungosamutsa vuto basi.

Ndiye ife timakawatenga, kuwayanika, kenako kuwatenthetsa pa madigiri ngati 800 mosalowa mpweya, apo ayi mupeza phulusa lokhalokha. Mankhwala aja amaphwanyika ndi kutentha, timabowo nkutseguka. Ulendo uliwonse makala amachepa ndi 5 mpaka 10 peresenti ndiye timathiramo atsopano pang'ono. Tisanawabweze timawayesa, supuni imodzi mu botolo la madzi a methylene blue (utoto wa buluu), kukhutchumula, kudikira, buluu uja akazilala msanga ndiye kuti ali bho, akakakamira makalawo amabwerera ku uvuni ngakhale kasitomala akuimba foni.

Chomwe ndimakangana nacho ndi makasitomala nchoti amafuna makala achite zonse. Satero. Patsogolo pamafunika sefa ya mchenga, kupanda apo zinyalala zimatseka thanki ya makala msangamsanga. Komanso makala sapha majeremusi, mabakiteriya amatha kumaswana momwemo, choncho klorini ndi wofunikabe, ndipo azithiridwa m'madzi omwe adutsa kale pa makala chifukwa mukayamba ndi klorini makalawo amamudya yense. Chifukwa cha majeremusi ndi mankhwala aja, anyamata anga sagwira makala ochokera kuchipatala opanda magolovesi ndi masiki, ndipo utsi wa mu uvuni timaudutsitsanso pa moto wina usanatuluke pa chumuni.