Sabata yomwe ndinagawa jrnl pawiri chifukwa cha intern

Lolemba m'mawa a bwana anandiyitana nkundiuza kuti popeza ndikupita kuholide, kachipatala kena kamene timakasamalira makompyuta ndikasiye mmanja mwa intern wathu, ndipo ndimupatse zonse zomwe ndakhala ndikulemba zokhudza kumeneko. Ndinavomera mwachangu poti zolembazo ndili nazo, ine chilichonse chimene ndachita pa kompyuta ya kasitomala ndimachilemba mu jrnl, kapulogalamu ka Python kamene ungotsegula terminal, windo yotayipamo malamulo a kompyuta, nkutayipa jrnl kenako zomwe ukufuna kunena, iko nkuyika tsiku ndi nthawi nkusunga mu fayilo wamba ya txt. Ndinayamba kukagwiritsa ntchito nditatopa ndi kutaya mahadikava mminibasi.

Vuto linabwera masana omwewo. Ndinamukhazika mnyamatayo pa laputopu yanga kuti ndimuonetse mmene zimayendera, iye mwanzeru zake nkutayipa jrnl --list. Lamulo limeneli limaonetsa ma journal (mabuku olembamo) onse omwe ali mu config yako, fayilo ya makonda a jrnl, pamodzi ndi pomwe fayilo iliyonse ili. Ndiye pa sikirini panatuluka default (yomwe zolemba zimapitako ukapanda kutchula dzina), ntchito, komanso ina yomwe ndinayitcha ngongole. Anangoti "akulu, iyi ya ngongoleyi ndi ya kasitomala uti?" akudziwiratu kuti si ya kasitomala ayi. Ndinamuuza kuti iwe ona zomwe wabwerera.

Apa mpomwe ndinazindikira kuti kukhala ndi ma journal angapo mu config imodzi ndi kukhala ndi ma config osiyana si chinthu chimodzi. Config ya jrnl pa Linux imakhala pa ~/.config/jrnl/jrnl.yaml, mkati mwake muli gawo la journals pomwe umalemba dzina ndi fayilo yake, ndipo ukatayipa jrnl ntchito printa yakonzedwa, mawu oyamba aja akafanana ndi dzina la journal, zolembazo zimapita kumeneko. Journal iliyonse utha kuyipatsanso makonda ake, ina encrypt: true, kutanthauza yokhoma ndi pasiwedi, ina false. Zimenezi nzabwino pamene zonse zili zako wekha, zipinda zambiri koma nyumba imodzi, kiyi mmodzi. Koma ukafuna kupatsa munthu wina chipinda chimodzi chokha, alowa pakhomo lomwelo nkuona zitseko zonse. Chomwe ndimafunika ine chinali --config-file, chomwe chimauza jrnl kuti config ya masiku onse ija isiye, iwerenge iyi.

Lachiwiri ndinapanga foda yotchedwa chipatala, mkati ndinakopera jrnl.yaml yanga nkufufuta ma journal anga onse, ndinasiya default yokha yoloza ku fayilo ya mu foda momwemo, nkuwonjezera ina ya zida yolembamo ma serial number ndi tsiku lomwe chinthu chagulidwa. Editor, pulogalamu yolemberamo, ndinayika nano chifukwa mnyamatayu akalowa mu inzake yotchedwa vim satulukamo, amangotseka terminal yonse. Kuyesa koyamba zinakana, kundilavulira error yaitali. Mphindi 20 ndikuyang'ana fayilo yooneka bwinobwino, kenako nkukumbukira kuti YAML, kalembedwe ka fayilo ya config, salola tab poyambira mzere, amafuna ma space, ndipo ine chala chinazolowera tab ngati kupuma. Nditakonza zinayenda. Kusamutsa zolemba zakale sikunavute poti zonse za kumeneko ndinkaziyika tag ya @chipatala, ndinangozisefa ndi tag yomweyo nkuzikopera.

Lachitatu ndiye linali tsiku la manyazi. Ndinapita kuchipatalako kukasintha router yomwe inapsa magetsi atabwera mwamphamvu, ntchito inatha cha mma 11, ndili chiyimire pa resepishoni ndinatayipa mwachangu jrnl zida router yatsopano yayikidwa, ndi serial number yake, nkutseka laputopu. Madzulo intern akuti akulu mu zida mulibe kanthu. Ndinalimbana naye ndithu, ndikuti ndalemba ndi manja angawa, mpaka ndinayamba kumuganizira kuti wafufuta. Nkhani yake inali yoti ndinayiwala --config-file. Config yanga ya masiku onse sidziwa journal yotchedwa zida, ndipo jrnl akapanda kulipeza dzina sadandaula, amangotenga mawuwo ngati chiyambi cha chiganizo nkuponya zonse mu default. Ndiye serial number ya router ya anthu inakakhala mu journal yanga ya zakumtima, pakati pa nkhani ya sukulu fizi ndi ya maliro akumudzi. Default yanga ndi ya encrypt, mwina ikanandifunsa pasiwedi ndikanadzidzimuka, koma pasiwediyo ndinayisunga kalekale mu keyring, momwe kompyuta imasungamo mapasiwedi, ndiye sinafunse kanthu. Ndinayipeza ndi -contains router, ndinayichotsa ndi --delete, nkupepesa kwa mnyamata uja, amene anaseka mopitirira muyeso wa intern.

Usiku womwewo ndinayika alias, dzina lachidule la lamulo, mu .bashrc, fayilo ya makonda a terminal, kuti ndikatayipa jc zizitanthauza jrnl --config-file ~/chipatala/jrnl.yaml, basi. Mzere wautaliwo palibe munthu angamaukumbuke ali ndi njala, nesi akumufunsa kuti intaneti ibwera nthawi yanji.

Lachinayi ndinamusiya alembe yekha, ndipo mavuto ake anali a Chichewa chenicheni. Anatayipa jc m'mawa ndakonza printa, terminal nkungomupatsa kachizindikiro ka > nkukhala chete. Iye akuti yafiriza. Sinafirize, bash, pulogalamu yowerenga zomwe watayipa mu terminal, akaona ka apostrophe kamene kali mu m'mawa amayesa wayamba quote ndiye amadikira kuti uyitseke, ndipo ife m'mawa, m'nyumba, pang'ono, timatilemba pafupifupi mzere uliwonse. Mankhwala ake nkukutira chiganizo chonse mu ma double quote, kapena kungotayipa jc payokha kuti nano atseguke ulembe momasuka. Chachiwiri anayesa dzulo: kuti zolemba zipite pa tsiku lapitalo, koma jrnl dzulo samudziwa, amamva yesterday: kapena deti yeniyeni, ndipo ukapanda kutchula nthawi amayika 9 koloko chifukwa default_hour mu config imabwera ili 9. Ndiye mukaona zolemba zathu zambiri zili 09:00 musamayese timalawirira choncho.

Chomwe chinandidetsa nkhawa zenizeni tsiku limenelo ndi choti ndinamupeza atalemba pasiwedi ya wifi pa mzere wa lamulo pomwepo. Ngakhale journal ikhale ya encrypt, chilichonse chotayipidwa pa mzerewo chimatsala mu .bash_history chili poyera, aliyense wodina kabatani kopita mmwamba achiona. Tinafufuta mzerewo, tinayika jrnl ndi jc mu HISTIGNORE kuti bash asamasunge mizere yawo, ndipo ndinamuuza kuti mapasiwedi malo ake ndi password manager, mu journal azingolemba kuti asinthidwa tsiku lakuti.

Lachisanu tinakopera foda yonse pa laputopu yake, anali atayika kale jrnl pogwiritsa ntchito pipx, choyikira mapulogalamu a Python. Inakananso kamodzi chifukwa mu config ndinali nditalemba njira yonse yoyambira /home/ ndi dzina langa, lomwe pa makina ake kulibe, tinasintha nkuyika ~, kachizindikiro koyimira foda ya home ya amene akugwiritsa ntchito makinawo, zinatheka. Anatayipa jc --list, panatuluka default ndi zida, ziwiri zokha. Anandiyang'ana nkuti "ya ngongole ija simunandipatse akulu", ine ndikulongedza chaja mchikwama.